Tsiku Limene Mapulani Anawedzedwa

Pulani yonse inabadwira kuseri kwa bala, pa tebulo la miyendo itatu limene mwendo wake wachinayi unali kireti ya mabotolo. Dzuwa linali litangopendeka, nthawi imene anthu a ntchito zawo amakhala akadali ku ntchito, ndipo patebulopo panali amuna atatu amene ntchito inawaiwala.

Wamkulu wa gululo anali Mapulani. Chibadwire munthuyu sanatulukepo thukuta la ntchito, koma pakamwa pake pankatuluka mabizinesi ngati nyerere pa una. Wachiwiri anali Giya, wa njinga yamoto yonyamula anthu, mtima wabwino, mutu wochedwa kulira ngati injini ya m'mawa. Wachitatu anali Penti, wopaka nyumba utoto, amene anakwatira mlongo wake wa Mapulani. Penti sanali mbava. Chimene anabapo pa moyo wake chinali burashi imodzi, ndipo nayonso anakaibweza. Koma mvula inali itatseka ntchito zopenta, mkazi wake anali woyembekezera, ndiye alamu ake atamuitana kuti kuli dilu, miyendo inangomutengera yokha.

"Amuna anga, umphawi tikuutsanzika mawa," anatero Mapulani, akugogoda tebulo ndi botolo. "Bwana Malole, mwini malole aja, alowa mpikisano wowedza nsomba ndi mabwana anzawo. Akufuna ndodo ya basi. Yapamwamba. Ndawauza kuti ndili ndi munthu wanga amene amaitanitsa kunja."

"Ndodo ya basi?" anafunsa Giya. "Yoyezera oyilo ija? Basi yake yaikulu kapena minibasi?"

"Nsomba, iwe! Basi ndi nsomba."

"Nsomba basi?"

"Eya."

"Nsomba yanji tsono?"

"Basi!"

"Aa, mwakwiya kale, bosi? Ine ndangofunsa."

Penti ndiye analeretsa. Anafotokoza kuti basi ndi dzina la nsomba ya m'madamu, yobiriwira, ya kukamwa kwakukulu ngati thumba, yokonda kubisala mu udzu ndi m'mitengo yomira. Ankaidziwa bwino. Chaka china anakapenta nyumba za alendo m'mbali mwa damu, ndipo mwini malowo ankamutenga pa bwato akaweruka. Kuyambira pamenepo Penti akangomva za basi maso ake ankawala ngati a munthu amene wakumbuka chibwenzi chakale.

"Ikaluma imalumpha m'mwamba, alamu," anatero, manja akuonetsa. "Imagwedeza mutu chonchi, madzi n'kumwazika..."

"N'chifukwa chake ndakuitana," anamudula Mapulani. "Iwe ndiwe maso athu. Tamverani tsopano."

Ndiye anayala pulani. Mumsewu wa mashopu munali shopu ya zida zowedzera nsomba, ya madala ena a ndevu zoyera. Nthawi ya nkhomaliro madalawo ankatseka, n'kuyenda wapansi pang'onopang'ono kukatenga chakudya kunyumba. Loko wa pachitseko anachita kuwagulitsa Mapulani yemweyo. Lokoyo anabwera ndi makiyi atatu, madala analandira awiri.

"Ndipo mvetsani nzeru apa," anapitiriza, atakweza chala. "Wakuba amagwidwa chifukwa amaoneka ngati wakuba. Amazemba, amanong'ona, amayenda usiku. Ife tikalowa masana dzuwa likuswa mtengo, titavala makhoti abuluu a anthu ogwira ntchito m'shopu, chitseko n'kuchisiya chotsegula. Ndani angafunse? Iwe Giya ukadikira panja, injini ikulira. Kulowa, kutenga, kutuluka."

"Koma ndinu dolo, bosi," anatero Giya.

"Sukulu inangondichedwetsa," anayankha Mapulani, n'kuitanitsa mabotolo ena atatu ozizira.

Mawa lake, nthawi ya nkhomaliro itakwana, zonse zinayamba bwino moti Penti anachita mantha. Madala anatseka n'kumapita. Kiyi analowa mu loko ngati kwawo. Makhoti, amene Mapulani anawabwereka pachingwe cha mnansi wake osamuuza mnansiyo, anawakwana ndithu, kungoti la Penti manja anali aafupi. Giya anaimika njinga pansi pa mtengo, n'kuwapatsa chala chachikulu.

Atangolowa, Penti anaima chilili.

Mkatimo munkanunkhira labala ndi vanishi. Ndodo zinali zitandandalika kukhoma ngati kwaya, zazitali kumbuyo, zazifupi kutsogolo. Pamwamba pa kauntala panalendewera tinsomba tapulasitiki ta mitundumitundu, tofiira, tasiliva, ta mizeremizere, kalikonse ndi mbedza zake zikung'anima. Mtima wa Penti, umene unkagunda ndi mantha panja paja, unayamba kugunda ndi zina.

"Iyi!" anatero Mapulani, atasolola chindodo chonenepa ngati mpini wa khasu. "Tiyeni."

"Alamu, bwezani. Imeneyo ndi ya kunyanja zamchere, ya nsomba zazikulu ngati ng'ombe. Basi ikaluma pamenepo simungamve n'komwe. Mudzangokhala ngati mukulondera madzi."

Mapulani anaibweza akung'ung'udza. Maso ake anagwera pa ndodo ina imene inagonekedwa payokha pa nsalu yofiira, yagolide kuyambira kumutu mpaka kuchogwirira, kapepala ka mtengo kakulendewera. Atawerenga kapepalako anaimba kaluzi.

"Iyi ndiye ya mabwana. Nyamula."

"Dikirani kaye."

Penti anailumikiza, popeza inali ya zidutswa ziwiri. Anatenga chokulungira twaini pashelefu, n'kuchimangirira pamalo pake. Kenako anatambasula chala chamkombaphala n'kuigoneka ndodoyo pachalapo, patsogolo pang'ono pa chokulungiracho. Ndodo yagolide inagwetsa mutu pansi ngati mwana amene wagwidwa akunyambita shuga.

"Mwaona? Ikulemera kumutu. Ndodo yabwino, ukaimangirira chokulungira, imayenera kugona phee pachala. Iyi Bwana Malole akaiponya m'mawa wonse, madzulo sadzatha kunyamula ngakhale supuni. Golideyu ndi utoto chabe, alamu. Za utoto mundifunse ine."

"Penti, tikuchedwa."

Koma Penti anali atapita kale pakona, pamene panaunjikidwa ndodo zosaoneka bwino. Anatola imodzi, n'kuigwedeza, n'kuibweza. "Yofewa kwambiri, ngati bango. Nsomba ikalowa mu udzu simungaitulutse." Anatola ina. "Timphete todutsa twaini sitinaongoke." Kenako anasolola ina yotuwa, yopanda chokongoletsa chilichonse, yotalika kumuposa iyeyo pang'ono. Anaikanikiza nsonga yake kudenga. Inapindika kumutu kokha, thupi lonse n'kukhala nganganga. Anaimangirira chokulungira, n'kuigoneka pachala.

Ndodo inagona phee, osapendekera uku kapena uko.

"Mayo ine," ananong'ona Penti. "Alamu, taonani. Yopepuka, msana wolimba, mutu womva. Ndipo mtengo wake ndi wa anthu ngati ife."

Mapulani anagwira m'chiuno.

"Mlamu wanga, tandiyang'ana. Tabwera kudzaba. Kudzaba! Mtengo wotsika utithandiza chiyani? Munthu kuvala khoti, kutsegula shopu ya eni, n'kusankha chotchipa? Anzathu akamva adzatiseka mpaka kumanda."

"Nanga tikapereke chinthu choipa kwa kasitomala?"

"Kasitomala wa chinthu chakuba sabweza katundu!"

Belu la pachitseko linalira: ngili ngili.

Onse awiri anauma. Pakhomo panaima mayi wa yunifomu yoyera, nesi, chikwama chili m'khwapa, nkhope ya munthu amene wathawa ku ntchito kwa kanthawi kochepa.

"Zikomo. Mwayi wanga, lero simunatseke," anatero. "Madala aja kulibe?"

Anayankha ndi Penti.

"Atuluka pang'ono, mayi. Tikuthandizeni?"

Nesi uja anafotokoza. Amuna ake akupuma pa ntchito mwezi womwewo. Zaka zonsezi akhala akulota zodzawedza basi akadzapuma, ndiye iye amafuna kuwagulira ndodo mwakabisira. "Koma ine za nsomba ndimangodziwa kukazinga," anatero. "Ndipo musandionetse zodula. Malipiro athu mukuwadziwa."

Penti anasendera pafupi. Munthu woyamba pa moyo wake wonse kumufunsa za ndodo! Mkazi wake akangomva mawu akuti damu ankayamba kuyasamula.

"Mayi, mwafika pamalo pake. Bambowo ndi aatali bwanji? Dzanja lawo lili bwino? Akawedzera pamtunda kapena pa bwato?"

"Penti," anatero Mapulani m'mano.

"Pepani mayi," anatero Penti, "uyu ndi watsopano, akuphunzira ntchito. Iwe, tapukuta mashelefuwo."

Mapulani anamuyang'ana ndi diso loti tikaonana kunja, koma anatola kansanza. Akanatani?

Tsono chitseko chotsegula chimaitana. Analowa bambo wina wa chipewa kudzafuna mbedza, n'kuima kuti amvere nawo. Analowa amuna awiri amene ankangodutsa. Posakhalitsa Penti anali pakati pa kagulu, manja aafupi a khoti atakwinyikira m'zigongono, akulalikira.

"Musamayambe n'kuyang'ana mtengo, abale anga, kapena kuwala kwake. Yambani ndi dzanja lanu. Ndodo ya basi muziponya kosalekeza, ndiye ikalemera kumutu, mkono umafa. Musatenge yolimba ngati chitsulo, musatenge yofewa ngati bango, tengani yapakatikati. Ndalama imene mwapulumutsa pa ndodo mukagulire twaini wabwino. Mayi, tambasulani chala."

Anaigoneka ndodo yotuwa ija pachala cha nesi. Inagona phee. Kagulu konse kanati, "Aaa!"

Ali mkati moyankhula, Penti anaponya diso pawindo. Pansi pa mtengo panalibe njinga. Panalibe Giya. Mtima wake unadumpha, koma nthawi yomweyo bambo wa chipewa anafunsa za nyambo, ndipo funso lotero silikanadikira. Penti anadutsitsa twaini m'timphete, n'kumangirira kansomba kapulasitiki ka mbedza za mano atatu, ina kumimba, ina kumchira.

Mapulani naye anazindikira kuti njinga kulibe. Anaona kuti pulani yafuna pulani ina. Anazembera kuseri kwa shelefu ndi ndodo yagolide ija, n'kuimasula pakati. Chidutswa chimodzi anachilowetsa m'mwendo wakumanja wa buluku, china wakumanzere, nsonga zake n'kuzibisa m'khoti mpaka m'khwapa. Atatulukako ankayenda osapinda mawondo, ngati makwerero amene aphunzira kuyenda.

"Mnzanuyu ali bwino?" anafunsa nesi, diso la ntchito litagwira kale.

"Ndi nyamakazi, mayi. Ya kumtundu kwawo. Tsono gwirani apa. Kuponya si mphamvu ayi, ndi kadzanja kokha. Mumaibweza kumbuyo chonchi, kenako..."

Ngili ngili.

Pakhomo panaima madala a ndevu zoyera, kontena ya chakudya ili m'manja. Anayang'ana anthu. Anayang'ana makhoti abuluu. Anabwerera panja pang'ono kukawerenga chikwangwani cha shopu, n'kulowanso.

"Kodi ndasochera, kapena shopu yanga yalemba anthu ntchito ine kulibe?"

Zimene zinachitika panja Penti anadzazimva pambuyo pake. Giya atadikira n'kudikira, mafuta akungopsa, anaganiza zothamanga kaulendo kamodzi kuti asaluze tsiku. Pobwerera, munthu wachikulire anamuimika pamsewu, akuti miyendo yatopa, amufikitse ku shopu kwake msanga. Giya, mtima wabwino, anamunyamula, n'kuthamanga naye kwabasi.

Ndiye mutu wa Giya unasuzumira paphewa pa madala aja.

"Bosi, mwamaliza kuba? Tinyamuke? Ndangowasiya madalawa, akuti shopu yawo ndi..." Anayang'ana madala. Anayang'ana shopu. Injini ya m'mutu mwake inalira mochedwa. "Iii."



Woyamba kusuntha anali Mapulani. Anakankha bambo wa chipewa, n'kulunjika kukhomo, miyendo ili tang'atang'a. Koma nesi anali akadali ndi ndodo m'manja, ataibweza kumbuyo monga anauzidwira, ndipo podzidzimuka anaigwedeza. Kansomba kapulasitiki kanauluka, n'kukatera kumbuyo kwa buluku la Mapulani, pamalo pamene munthu amakhalira. Mbedza zinaluma nsalu, n'kupitirira.

"Mayooo!"

Mapulani anatulukira pakhomo ngati chipolopolo. Chokulungira twaini chinayamba kulira: wiiii!

Apa m'pamene Penti akanathawa. Chitseko chakumbuyo chinali pafupi, aliyense maso anali kumsewu. Koma kulira kwa twaini kuja kunalowa m'makutu mwake n'kutsikira m'magazi, ndipo zonse za dziko lapansi zinafufutika.

"Yaluma!" anakuwa. "Mayi, ndodo m'mwamba! M'mwamba! Musakoke, twaini aduka! Isiyeni ithamange, itopa yokha!"

Nesi, munthu wozolowera kumvera malangizo pa nthawi ya ngozi, anakweza ndodo n'kuponda pansi mwamphamvu. Onse anakhamukira pakhonde. Mumsewu, Mapulani ankayesa kuthamanga ndi miyendo yosapindika, akudumphadumpha ngati dzombe, dzanja limodzi kumbuyo. Analowera kumanzere.

"Akulowera ku maluwa! Musamulole alowe mu udzu! Pendeketsani ndodo kumanja!"

Ndodo yotuwa inapindika ngati uta, koma msana wake unagwira. Mapulani anabwerera pakati pa msewu. Ogulitsa zinthu m'mbali mwa msewu anasiya malonda awo. Ometa tsitsi anatuluka ndi makasitomala awo, mitu itametedwa theka. Madala eni shopu anaika kontena pansi n'kuyamba kuombera m'manja.

"Tsopano kulungani! Pang'onopang'ono! Akakoka, siyani. Akapuma, kulungani!"

"Penti, galu iwe!" anakuwa Mapulani. "Ndine mlamu wako!"

Anayesa kulumpha ngalande. Munthu salumpha ngalande osapinda mawondo. Kunamveka thyo! kumwendo wakumanja, thyo! kumanzere, ndipo ndodo yagolide ya mabwana inathera m'buluku momwemo. Mapulani anagwa chafufumimba, mphamvu zonse zitatha. Nesi ankakulungabe, ndipo munthu wamkulu, pofuna kuchepetsa ululu, anayamba kukwawa chobwerera m'mbuyo kutsatira twaini, mpaka pakhonde la shopu.

Penti sanadziwe kuti ukonde wotolera nsomba unafika bwanji m'manja mwake. Anangozindikira atauvindikira kale pamutu pa alamu ake, anthu akukuwa ndi chimwemwe, wina akumumenya paphewa. Kudzera m'mabowo a ukondewo, diso la Mapulani linamuyang'ana.

Pamenepo nzeru zinabwerera.

"Pepani, alamu," anatero ndi mawu aang'ono. "Ndinatengeka."

Apolisi sanachedwe, chifukwa phokoso linali litafika kale pamphambano pamene ankayang'anira magalimoto. Apolisiwo anamupeza Giya akadali pakhomo, akuyembekeza kuti wina amufotokozere. Mapulani anamugoneka pa kauntala, ndipo nesi yemweyo anavala magolovesi n'kuchotsa mbedza imodzi imodzi ndi pulayala ya m'shopu, akumulangiza kuti apume mokoka mpweya. Kukuwa kwa Mapulani kunamveka mpaka kwa ometa tsitsi.

Nesi atamaliza anasamba m'manja, n'kunyamula ndodo yotuwa ija.

"Madala, ndikutenga yomweyi. Ndaiyesa ndekha."

"Nanenso ndipatseni yotero," anatero bambo wa chipewa.

"Inenso," anatero wina mwa odutsa aja, amene chibadwire sanagwirepo mbedza.

Madala anakanda ndevu, akuyang'ana Penti amene anali atavala kale unyolo. "Ndodo zimenezi zakhala pakona paja chaka chonse, osagulidwa ndi imodzi yomwe," anatero. "Mwana iwe, ukanangogogoda n'kupempha ntchito. Ukamaliza ndi akuluakuluwa udzandipeze. Koma udzabwere ine ndilipo."

Anawakweza kumbuyo kwa galimoto ya polisi. Mapulani anagona chafufumimba, popeza kukhala kunali kosatheka, tizidutswa tagolide tikugwa m'miyendo ya buluku galimoto ikagunda bampu. Giya ankadandaula kuti njinga waisiya osakhoma. Penti anazolika mutu, akuganiza za mkazi wake. Adzamuuza bwanji munthu woyembekezera kuti tsiku limodzi lomwelo mwamuna wake wamangidwa, mchimwene wake wawedzedwa, ndipo wogwira ukonde anali mwamuna wakeyo?

"Palibe kuyankhula," analamula wapolisi wamkulu amene anakhala nawo kumbuyoko, bambo wa masharubu, nkhope ngati chitseko cha ndende.

Galimoto inayenda. Inakhota pamphambano, n'kudutsa msika. Wapolisi uja anatsokomola. Anayang'ana kutsogolo kuti aone ngati dalaivala akumva, kenako anasendera pafupi ndi Penti.

"Iwe," ananong'ona. "Yotuwa ija. Zatsalako?"

Penti anadzutsa mutu pang'onopang'ono.

"Zatsala ziwiri, bwana. Koma imodzi timphete take sitinaongoke, musatenge imeneyo." Anasendera naye pafupi, unyolo ukulira. "Inuyo mumawedzera pamtunda kapena pa bwato?"

Pansi pomwe anagona paja, Mapulani anabuula.

"Bwana," anatero, "chonde, kundendeko mukandiike chipinda china."